Mauka si umboni wa chiwerewere

Tili Fomu 3, mtsikana wina wa m'hositelo mwathu anadwala chifuwa, ndipo kuchipatala anam'patsa amoxicillin. Chifuwa chinatha. Patangopita masiku ochepa anayamba kumva kuyabwa kumaliseche, kukutuluka chikazi choyera chokhala ngati chambiko. Anauza mnzake mmodzi yekha, koma pofika Lachisanu hositelo yonse inali itagamula kale kuti ali ndi chibwenzi kunja kwa mpanda. Inenso ndinali m'gulu la onong'onawo, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaganiza za makapisozi aja. Kumaliseche kwa mkazi kumakhala mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus. Amenewa amasunga malowo ali ndi asidi pang'ono, kotero fangasi wotchedwa Candida, yemwe ambirife tili naye kale m'thupi, sapeza mpata wochulukana. Tsono maantibayotiki sasankha. Popha mabakiteriya oyambitsa matenda amaphera limodzi abwino aja, pomwe Candida samukhudza n'komwe poti iye si bakiteriya. Amangotsala yekha ngati mbuzi m'munda wopanda mlonda. Mauka a mtunduwu amagwira akazi pafupifupi 3 mwa 4 alionse kamodzi pa moyo wawo, ngakhale namwali yemwe sanagonepo ndi mwamuna. Amayi oyembekezera ndi odwala shuga amawavuta kawirikawiri.

Chondidetsa nkhawa ndi zomwe miseche yathu imabala. Mtsikana woopa kunenedwa sapita kuchipatala. Amazemba n'kukagula makapisozi ena pagolosale, mwina doxycycline, poganiza kuti akupha matenda, chonsecho akuthira mafuta pamoto. Ena amatsuka mkati ndi sopo kapena kuikako zitsamba, kuyabwako n'kumangokulirakulira. Koma mankhwala ake alipo ndipo si ovuta: clotrimazole woika kumaliseche, kapena fluconazole wakumwa, yemwe woyembekezera sayenera kumwa mwachisawawa. Kukaonana ndi achipatala n'kofunika ndithu, chifukwa pali matenda ena, kuphatikizapo opatsirana pogonana, omwe zizindikiro zake zimafanana ndi mauka.

Musandimve molakwa. Sindikuti wopatsidwa maantibayotiki ndi adokotala awasiyire panjira. Ndikudandaula za chizolowezi chathu chogawana makapisozi m'zipinda munthu akangoyetsemula. Chimfine chimayamba ndi vayirasi, ndipo amoxicillin alibe nacho ntchito. Umangodziphera alonda ako chabe.

Ife ophunzira zauphunzitsi mawa lino tidzakhala oyang'anira mahositelo a atsikana. Mwana akadzabwera akuchita manyazi, ndikufuna funso langa loyamba lidzakhale lakuti, "Wamwa mankhwala anji posachedwapa?" Pasukulu yathu ija palibe anafunsa zimenezo. Mtsikana uja anachira pa sabata imodzi, koma dzina lomwe tinam'patsa linam'tsata mpaka tsiku lomwe tinamaliza mayeso a MSCE.