Amtengatenga athu ali m'mabuku a msonkho, tiyeni tikawafunefune

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse tinaisunga m'maina a misewu ndi a malo a asilikali. Burma Road imadutsa pa Kabwata kulowera ku Woodlands, ndipo m'mbali mwake muli Arakan Barracks. Ku Ndola kuli Tug Argan, ku Kabwe kuli Chindwin. Onsewa ndi malo amene anyamata a kuno anakaponda atanyamula mfuti, ku Somaliland mu 1940 ndi ku Burma mu 1944 ndi 1945. Ngati agogo anu anafera m'nkhondo imeneyo atavala yunifomu ya Northern Rhodesia Regiment, muli ndi poyambira. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission linaika maina pa intaneti, ndipo pa foni yanu yomweyo mungapeze nambala ya usilikali, tsiku limene anafa, ndi kumene dzina linalembedwa, kaya ndi ku Nairobi kapena ku Taukkyan pafupi ndi Yangon.

Vuto lili pa nkhondo yoyamba, ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha ya Jeremani. Ambiri mwa athu sanapiteko ngati asilikali. Anapita ngati amtengatenga, kusenza ufa, nyemba, zipolopolo ndi mahema kuchokera kunjanji kupita kumalire a Abercorn ndi Fife, kenako kulowa mkati mwa dziko limene linali m'manja mwa Ajeremani. Katundu wa munthu mmodzi ankalemera ngati thumba la ufa la makilogalamu 25 limene timagula ku Soweto Market, koma iwo ankayenda nalo pamutu milungu ndi milungu, mvula ikugwa, opanda nsapato. Kamwazi, chibayo ndi malungo zinapha ochuluka kuposa chipolopolo, ndipo kumapeto kwa 1918 fuluwenza inadzakolopa otsala ali m'njira yobwerera. Ku Mbala, Abercorn wakale uja, kumene mkulu wa asilikali a Jeremani von Lettow-Vorbeck anatulira zida pa 25 November 1918, kuli chikumbutso cha amtengatenga a dziko lino. Chimatchula chiwerengero, 1,467. Dzina palibe ndi limodzi lomwe.

Mu April 2021 bungwe la manda a nkhondo lija linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo boma la Britain linapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesako ndinakulandira. Koma maina sadzatuluka ku London okha. Ambiri ali kuno, m'mapepala amene boma la atsamunda linkagwiritsa ntchito potolera msonkho, ndipo ine ndikuti mabanja ndi boma lathu tiyambe kuwawerenga mapepalawo ngati mabuku a maliro.

Kwathu ndi kum'mawa, dera limene kale linkayang'aniridwa ndi boma la Fort Jameson. Atsibweni awo a agogo anga aakazi anatengedwa ndi amesenjala nthawi yopalira. Agogo ankangonena mawu anayi: "Anapita ndi Azungu, sanabwere." Maliro sanalire, sanamete, mowa wa bona sunaphikidwe, chifukwa ungalire bwanji munthu amene mwina mawa atulukira kudambo atakoleka bulangete? Mkazi wawo anakhala zaka osasudzulidwa. Ana anakula osadziwa ngati ndi amasiye kapena ndi ana a mtchona. Amene amati kufufuza zoterezi ndi ntchito ya anthu osowa chochita sanakhalepo m'banja limene lili ndi munthu amene sali kumanda komanso sali pamudzi.

Lamulo lakuti kubadwa ndi imfa ya munthu aliyense zilembedwe linabwera mu 1973. Mu 1917 imfa ya munthu wakuda sinali ndi chikalata. Chimene chinkalembedwa mosamala ndi msonkho. Kampani ya British South Africa Company, imene inalamulira dziko lino mpaka 1924, inkatumiza bwanamkubwa ndi kalaliki wake m'midzi kukalemba mwamuna aliyense woyenera kukhoma, mudzi ndi mudzi, pansi pa dzina la nyakwawa ndi la mfumu yaikulu. Nkhondo itavuta, kaundula yemweyo ndiye ankauza boma kuti mudzi wakutiwakuti uli ndi amuna angati oti n'kuwatenga.

Ku National Archives of Zambia, pa Government Road ku Ridgeway, kuli mabuku a maboma akale, amene alembi a boma ankalembamo mafumu, midzi, chiwerengero cha anthu ndi zochitika za m'deralo. Sindinapiteko chimanjamanja. Azakhali anga a ku Chelstone, amene tsopano maso anachita mdima koma mutu uli gwa, ndiwo anandipatsa kiyi. "Mwanawe, usakafunse dzina la mudzi wa lero," anatero. "Mudzi unasamuka. Ukafunse wa nyakwawa yakale, ndipo atsibweniwo anali ndi dzina lina la kuntchito." Ananena zoona. Midzi yambiri ya kum'mawa inachotsedwa pamalo ake kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene anthu anakankhidwira m'malo osungirako anthu akuda kuti nthaka yabwino itsalire kampani ya North Charterland. Ukafunafuna ndi dzina la mudzi wa lero, ubwerako wopanda kanthu.

Tsamba la m'kaundula wa msonkho limene ndinkafuna linali lachikasu, m'mbali mothethekatetheka, lolembedwa ndi inki yofiirira. Kumanzere maina a amuna, kumanja mizere ya zaka. Pa dzina la kuntchito lija panali chizindikiro chakuti wakhoma mu 1914, mu 1915, mu 1916. Pa 1917 kalaliki analemba kuti ali ku ntchito ya nkhondo. Pa 1918 mzere unadutsa pakati pa dzina lonse, ndipo pambali analemba kuti wamwalira. Nditatsitsa chala m'munsi ndinaona kuti si okha, ena a mudzi womwewo anadulidwa ndi cholembera chomwecho chaka chomwecho. Ndinakhala pampandopo nthawi yaitali osatembenuza tsamba.

Mng'ono wanga wa ku Kabulonga sanakondwe nditamuonetsa zimene ndinakopera. "Achimwene, mukukhulupirira buku la anthu amene ankatidyera masuku pamutu? Ankatilemba kuti atikhometse, osati kuti atikumbukire." Sindikutsutsa. Koma chifukwa chomwecho ndicho chimachititsa kuti bukulo likhale mboni yofunika. Kalaliki sankasamala za misozi ya pamudzi, ankasamala za masheleni, ndipo mwamuna akasowa ankayenera kufotokozera bwana wake chifukwa chimene ndalama yachepera. Dyera lawo ndilo linatisungira chaka.

Pamene mng'ono wangayo ali ndi mfundo ndi apa: mboni imodzi sikwanira. Mpata wopanda chizindikiro sutanthauza imfa. Ena anathawa amesenjala n'kuwolokera ku Mozambique, ena anapita ku Salisbury kapena ku Wankie n'kutchona. Panalinso anyakwawa achifundo amene ankanena kuti munthu anafa pamene akumubisa kumunda. Maina nawo ndi msampha. Munthu mmodzi anali ndi dzina la ubwana, la ukulu, la kuntchito ndi la ubatizo, ndipo kalaliki ankalemba mmene khutu lake lamvera. Mfunda, Phiri kapena Banda, kawirikawiri sunkalembedwa. N'chifukwa chake ndinapitanso ku mishoni ya kwathu, kumene abusa ananditulutsira buku la maukwati. Mkazi wa atsibweni aja anakwatiwanso mu 1920, ndipo pambali pa dzina lake mmishonale analemba kuti ndi wamasiye. Mabuku awiri amene sanaonane anagwirizana ndi mawu a agogo. Tsiku sindilidziwa, manda sindiwadziwa, koma chaka ndili nacho.

Chimodzi chimandipweteka. Mabukuwa ndi a amuna. Amayi amene ankasinja ufa wa nkhondo, amene analima okha minda amuna atatengedwa, amene anafa ndi njala ndi fuluwenza yobwera ndi amtengatenga obwerera, m'kaundula amangooneka ngati chiwerengero cha nyumba. Iwowa tidzawapeza m'mabuku a mipingo ndi m'kamwa mwa okalamba basi. Melvin Page, amene analemba buku la The Chiwaya War, anazindikira zimenezi kalekale: m'zaka za m'ma 1970 anayenda m'midzi ya ku Malawi kucheza ndi asilikali ndi amtengatenga amene anali akadali moyo. Ife a kuno tinachedwa. Amtengatenga onse anapita, ana awo atsala owerengeka, ndipo zidzukulu zimene zinamva nkhani pamoto ndi za msinkhu wa azakhali anga.

Ife a mu Lusaka sitiumira pa nkhani ya maina a akufa. Timasonkha masauzande a makwacha pa WhatsApp kuti tiike chiliza ku Leopards Hill kapena ku Chingwere, timakangana mpaka usiku za kalembedwe ka dzina pamwala. November aliyense nkhata za maluwa zimaikidwa pa Cenotaph pa Independence Avenue. Mtima ulipo. Chimene chikusowa ndi njira yoti mayi wa ku Chadiza kapena ku Isoka afike pa tsamba la mudzi wake popanda kugulitsa mbuzi kuti apeze ya basi. Boma lipereke ndalama kuti mabuku a msonkho ndi a maboma amene anapulumuka ku chiswe ajambulidwe, ndipo asanjidwe potsata mfumu ndi mudzi, chifukwa umo ndi mmene anthu athu amakumbukirira. Ophunzira mbiri pa University of Zambia angagwire ntchitoyi. Aphunzitsi awo alipo, monga Alfred Tembo amene analemba za dziko lino pa nkhondo yachiwiri. Ku Cape Town, mu January 2025, anatsegula chikumbutso cha antchito a nkhondo yoyamba oposa 1,700, aliyense ndi dzina lake, ndipo mainawo anachita kufukulidwa m'mapepala akale. Anthu 1,467 a ku Mbala ayenera zomwezo, ndipo ine sindikhulupirira kuti anafa ndi okhawo.

Mafumu nawo atithandize. Pa Kulamba ku Mkaika mu August pamakumana Achewa a mayiko atatu, pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February pamakumana Angoni. Pakhale tebulo limodzi pansi pa mtengo, ndi achinyamata awiri olemba, pamene wokalamba aliyense anganene dzina la amene anapita ndi Azungu osabwera, maina ake ena onse, nyakwawa ya nthawiyo, ndi dzina la mkazi amene anatsala.