Sikelo inkayeza bwino, koma anaibisira ogula

Abale anzanga a mumsika, lero ndakutengerani nkhani ya kutali, koma musathawe. Inu ogulitsa nyemba, mpunga ndi nyama mumamudziwa wamalonda uja amene amatembenuza sikelo kuti muvi aziuona yekha. Sikeloyo ilibe mlandu, ikuyeza bwinobwino. Kungoti wogula sakuona. Khalidwe lomweli linapha anthu pafupifupi 2,000 usiku umodzi wokha ku Italy mu 1963.

Kumpoto kwa dzikolo kuli kamtsinje kotchedwa Vajont, kodutsa mu chigwa chopanikizika pakati pa mapiri. Kampani ya magetsi ya SADE inamanga damu pamenepo, khoma lake lotalika mamita 262. Nthawi imeneyo linali limodzi mwa makoma a damu aatali kwambiri pa dziko lonse. Khomalo analimanga mwaluso, zimenezo sindikukana. Vuto linali phiri la pambali pa madziwo, Monte Toc.

Mkati mwa phirili munali timizere ta dongo. Amayi oumba mbiya mukudziwa m'mene dongo limaterera likanyowa. Madzi a mu damu atayamba kukwera analowa mu phirimo, ndipo mbali yonse ya phiri inayamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Pa 4 November 1960 chigamphu cha makyubiki mita 700,000 chinagwera m'madzi, ndipo pamwamba pa phiri panaoneka mng'alu wautali kuposa makilomita awiri, wokhotakhota ngati chilembo cha M.

Tsono apa mpamene nkhani imandiwawa. Musaganize kuti mainjiniya anali mtulo ayi. Anakhoma zizindikiro pa phiripo n'kumayeza m'mene zikusunthira. Anaboola zitsime zoyezera madzi a pansi pa nthaka. Anaitana akatswiri ngati Leopold Müller wa ku Austria. Edoardo Semenza, katswiri wa miyala yemwenso anali mwana wa mkulu amene anajambula damuyo, anawauza kuti mbali imeneyo ya phiri inagumukapo kalekale ndipo ikhoza kugumukanso. Manambala analipo, ankalembedwa m'mabuku.

Manambalawo ankaonetsa kuti madzi akakwera phiri limathamanga, madzi akatsika phiri limachedwa. Mabwana ataona zimenezi anati basi tapeza chingwe chomangira mbuzi: tizikweza ndi kutsitsa madzi, phiri lizitsika mwaulemu. Anayesanso pa kadamu koyerekeza n'kupeza kuti madzi akakhala pa mulingo wa mamita 700 palibe choopsa. Cholakwika chinali choti kuyesako kunkaganizira phiri lotsika mochedwa kusiyana ndi m'mene linadzagwera.

Nanga anthu wamba anauzidwa chiyani? Mtolankhani wina wamkazi, Tina Merlin wa nyuzipepala ya l'Unità, analemba mu 1959 kuti anthu a m'mudzi wa Erto ali pangozi. Mukudziwa chimene anamuchita? Anamutengera ku khoti ati akufalitsa mabodza osokoneza mtendere. Khoti linamupeza wosalakwa mu 1960. Mlandu woterewu enafe sitikuumva koyamba, koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Mu 1963 damu inali italowa m'manja mwa ENEL, bungwe la boma la magetsi, ndipo madzi anakwezedwa mpaka mamita 710. Mu September phiri linayamba kuyenda masentimita angapo pa tsiku. Anayamba kutsitsa madzi, koma ulendo uno phiri silinamvere. Masiku otsiriza linkayenda masentimita 20 pa tsiku, kutalika kwa chikhatho chanu ndi zala zomwe. Phiri lathunthu! Mabanja okhala pa phiripo anauzidwa kuti achoke, koma anthu a m'tauni ya Longarone, kumunsi kwa khoma, palibe anawauza kuti akagone kumtunda.

Usiku wa pa 9 October ambiri anali m'mabala kuonera mpira wa Real Madrid ndi Glasgow Rangers pa TV. Nthawi ya 10:39 miyala ndi dothi zoposa makyubiki mita 260 miliyoni zinagwera m'madzi, osakwana ndi mphindi imodzi yomwe. Yerekezani kuponya chimwala mu ndowa yodzaza. Madzi analumpha khoma n'kugwera m'chigwa, ndipo pa mphindi zochepa Longarone inasanduka bwalo la matope. Khoma lija silinagwe, lilipo mpaka lero. Mlandu unatha mu 1971, ndipo akuluakulu awiri okha ndiwo anapezeka olakwa.

Masiku ano zida zoyezera zapita patali. Pa mapiri a m'mbali mwa madamu amaikapo zida za GPS zimene zimatumiza uthenga ku kompyuta usana ndi usiku. Amakhoma mapaipi akuya osonyeza pamene nthaka yayamba kupindika mkatimo. Masetilaiti a radar amatha kuona phiri litasuntha mamilimita ochepa chabe. Chimene akatswiri amayang'anitsitsa si kuyenda kokha, pakuti mapiri ena amakwawa zaka ndi zaka osagwa, koma kuonjezereka kwa liwiro: dzana sentimita imodzi, dzulo atatu, lero khumi. Apo ndiye kuti nthawi yatha. Komabe zida zonsezi ndi sikelo basi. Pafunika kugwirizana nyengo ikadali yabwino kuti muvi ukafika apa belu lilire, anthu asamuke, popanda kudikira bwana amene akuopa kuluza ndalama za magetsi.

Ife kuno phiri likamatsika timati kwadutsa napolo, ndipo sitifunika Mtaliyana kuti atiphunzitse. A ku Phalombe akukumbukira March 1991. A ku Chilobwe ndi m'munsi monse mwa phiri la Soche akukumbukira Freddy mu March 2023, ndipo enafe tinaika maliro a anzathu amene tinkagulitsa nawo limodzi. Madamu nawonso tili nawo. Anzathu a mu msika wa Zomba mukakweza maso, damu ya Mulunguzi ili pamwamba pa phiri, inu muli pansi. Sindikuti ikugwa, musakandinamizire. Ndikuti amene amagona kumunsi kwa damu iliyonse ali ndi ufulu woona muvi wa sikelo.

Ndiye a khansala kapena a MP akadzabwera mumsikamu kudzagawa nsalu ndi malaya, landirani, si mlandu. Koma musanaombe m'manja afunseni mafunso atatu. Mapiri a pamwamba pathuwa amayeza ndani? Manambala ake tingakawaone kuti? Ndipo zikadzavuta usiku, adzatidzutse ndani, tithawire mbali iti?