Musamuuze mlendo kuti pa Zóbuè palibe kodyera

Mwezi wa Juni chaka chatha, kukuzizira monga kumachitira kuno kwathu, ndinali chiimire pafupi ndi chipata cha malire a Zóbuè kudikira katundu wanga wochokera ku Mwanza. Panafika galimoto ya banja lina lochokera ku Beira: bambo, mayi ndi ana atatu. Mapepala a galimoto yawo anachedwa, dzuwa n'kufika pamutu. Bamboyo anaitana mnyamata wosintha ndalama amene anali pafupi nkumufunsa kuti, "Kodi pano tingadye kuti?" Mnyamatayo anakanda m'mutu nati, "Pano palibe, bwana. Mukadye ku Mwanza mukaoloka, apo ayi mubwerere ku Moatize."

Mnyamata ameneyo ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Pamene ankanena mawu amenewa, kumbuyo kwake, mtunda woti ungaponye mwala, kunali miphika ya nyama ya mbuzi ikuwira, utsi ukufuka, amayi akuomola nsima. Iye mwini anali atadya komweko dzulo lake. Banja lija linagula mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo, ana nadyera m'galimoto.

Anzanga a m'midzi ya m'malire muno, yankho limeneli ndi bodza, ndipo bodza lake likutidyera ndalama. Si mphwanga yekha amene amalinena. Ndalimva kwa anyamata a njinga zamoto, kwa ogulitsa m'masitolo, ngakhale kwa aphunzitsi. Mlendo akangooneka wovala bwino, timayamba kuchita manyazi ndi mphika wa amayi athu.

Taganizani kaye za malo amene tikukhalawa. Munthu wochokera ku Tete amayenda makilomita oposa 100 pa msewu wa EN7, kuoloka Revúbuè, kudutsa fumbi la malasha la ku Moatize, thukuta lili kamukamu. Akapitirira Mussacama, pamene msewu wa ku Angónia umapatukira, amayamba kumva kamphepo kena, kenaka phiri la Zóbuè lija n'kuonekera, mwala wake uli njo. Ambiri amatulutsa mafoni kujambula. Ena amafunsa za seminale yakale imene inaphunzitsa anyamata ambiri a chigawo chino. Ndipo aliyense, afune asafune, ayenera kuima pano, chifukwa malire saoloka mothamanga. Malole ochokera ku doko la Beira, mabasi ochokera ku Johannesburg ndi Harare kupita ku Blantyre, onse amaima. Kuli matauni ena m'dziko muno amene amalipira ndalama zambiri kuitana alendo. Ife alendo amatipeza okha, ali ndi njala kale, ndiye ife n'kumawalozera kwina.

Tsono ndiyankhe funso la bambo wa ku Beira lija, popeza mphwanga analephera.

Mukafuna kudya pa Zóbuè, musayang'ane chikwangwani. Yang'anani kumene madalaivala a malole akulowa. Anthu amenewo amadutsa pano mwezi ndi mwezi, ndipo dalaivala amene anatsegula m'mimba pa baraka ina sabwererako, komanso amauza anzake onse. Baraka yodzaza madalaivala ndiyo yayesedwa kale. Fikani masana, nthawi imene ndiwo zikuphulidwa kumene, osati madzulo pamene mphika watsala msuzi wokhawokha. Musakhale pansi musanaone miphika. Mayi wodziwa ntchito yake amavundukula yekha, sadikira kuti mumupemphe.

Funsani mbuzi. Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndipo pamene manyazi athu amandipweteka kwambiri. Mbuzi ya chigawo chino ili ndi dzina lake lolembetsedwa m'mabuku a boma, Cabrito de Tete, ndipo akatswiri amati kukoma kwake kumachokera ku zimene imadya m'tchire louma la kuchigwa, monga masawu ndi malambe. Anthu a ku Maputo amaifunafuna nyama imeneyi, wachibale akamachoka ku Tete amamutuma kuti awatengereko. Ife tili nayo pakhomo, yophedwa m'mawa womwewo, yophikidwa ndi tomato, anyezi ndi mchere basi, mpaka nyama kulekana ndi fupa, koma tikuti palibe chakudya. Ngati mbuzi simudya, funsani nkhuku ya chikuda, ija imafuna mano. Funsani nyemba za ku Angónia. Funsani chicoa, nsomba yamchere ija yochokera ku Cahora Bassa, imene mayi wodziwa amayamba waiviika m'madzi kuti mchere uchepe asanaiphike. Pambali pakhale nkhwani wotendera kapena mpiru, ndipo nyengo ya dzinja, therere ndi bowa wa m'phiri. Wosafuna nsima, mbatatesi za ku Tsangano zilipo, zokazinga pa chiwaya inu mukuona. Mukatha, manachesi a kuno ndi a ku Mwanza m'miyezi yozizira amachita kuunjikidwa m'mbali mwa msewu. Kodi chimene chikusowa pamenepa n'chiyani? Foloko?

Inde, foloko. Akuluakulu athu amakumbukira nthawi ya Apwitikizi, pamene munthu wakuda wofuna kuwerengedwa ngati assimilado ankayenera kuonetsa kuti wasiya makhalidwe a kwawo, ndipo kudyera patebulo ndi mpeni ndi foloko chinali chimodzi mwa zizindikiro zake. Lamulo limenelo linathetsedwa mu 1961, koma m'mitu mwathu likugwirabe ntchito. Kenaka inabwera nkhondo, ambiri a ife tinathawira ku Mwanza ndi ku Neno, tikudya za pamzere mpaka mtendere wa mu 1992. Munthu amene wakhala zaka akulandira ufa woyezedwa amayamba kukhulupirira kuti chabwino chilichonse chimachokera kutali. Ndikumvetsa kumene matendawa anachokera. Koma mphwanga anabadwa nkhondo itatha kalekale, sanaonepo Mpwitikizi wolamula, ndiye iye akudwaliranji?

Amati mukadye ku Moatize. Ine ku Moatize ndinakhalako zaka zingapo, nthawi imene kampani ya Vale inayamba kutumiza malasha kunja mu 2011, tauni yonse itadzaza alendo a ku Brazil, South Africa ndi kwina. Malo odyera anamera ngati bowa. Mitengo inakwera mpaka ife eni dera tinkangowaonera pawindo. Ndinkaperekako masamba pa malo ena otere, ndipo ndinkalowera khomo la kumbuyo, kumene kumatayidwa makatoni. Makatoni a nkhuku zouma ndi chisanu zochokera kutsidya la nyanja, matumba a tchipisi chodulidwa kale, mabotolo a sosi. Za kwathu zimene ankagula zinali kabichi ndi makala. Mtengo wa malasha utagwa, alendo anachepa, ndipo angapo mwa malo amene ndinkawadziwa anatseka. Mgodi uja unagulitsidwa kwa Vulcan mu 2022. Koma amayi ophika nsima pamsika wa Moatize analipo mgodi waukulu usanabwere, ndipo lero akadalipo. Ngati mukatumiza mlendo ku Moatize, mutumizeni kwa iwowo.

Werengani nokha kumene ndalama ya mbale imodzi imapita. Chimanga chagulidwa kwa mlimi wa m'mudzi mwanu. Wachigayo walandira yake. Mtsikana wotunga madzi, mnyamata wobweretsa nkhuni, gogo wa dimba la tomato, mwini mbuzi, wopha mbuziyo, onse alawako. Mbale ya nkhuku ya m'katoni ndalama yake imakwera lole lomwe linaibweretsa n'kubwerera ku doko. Mphwanga atauza banja lija kuti palibe kodyera, analanda mbale zisanu m'manja mwa anthu amene amapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena mumtima: ukhondo. Mukunena zoona, ndipo sindikubisa. Kolera si nthano. Mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo chigawo chathu cha Tete nachonso sichinapulumuke. Matenda saonetsa pasipoti pachipata. Ndaonapo baraka imene anthu khumi amasamba m'manja m'beseni limodzi, madzi ake osasinthidwa. Ndaonapo mbale zikutsukidwa m'madzi oti ngakhale galu angakane. Amayi anga, inu amene mumaphika m'mbali mwa msewu, pamenepa ndiye ndikukudzudzulani poyera: thirirani mlendo madzi ndi jagi, ikani sopo, vundikirani ndiwo, ndipo za dzulo musasakanize ndi za lero. Ndowa ya mpopi siidula kuposa mbuzi imodzi.

Koma mankhwala a baraka yauve ndi madzi, osati kuthamangitsa mlendo. Tsiku lililonse pamabwera wotolera msonkho wa pamsika, ndipo amayiwa amalipira, tikiti n'kupatsidwa. Ndalama imeneyo yakhala ikutoleredwa zaka zingati? Tili ndi ufulu wofunsa pa msonkhano wa bairo kuti mpopi uli kuti, chimbudzi cha anthu onse chili kuti, shedi yoti mphika usalowe fumbi la malole ili kuti. Mafumu athu ndi masekeretale, funso limeneli ndi lanunso. Ndipo amene amaganiza kuti chakudya cha m'firiji ndicho chotetezeka aiwala mmene magetsi amazimira kuno, ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe. Nkhuku imene yasungunuka n'kuumanso katatu ine sindiikhulupirira kuposa mbuzi imene ndaiona ikusendedwa m'mawa.

Pali tchimo linanso lathu, ndilitchule msanga. Mlendo akayankhula Chipwitikizi cha ku Maputo kapena Chingerezi, mbale imakwera mtengo kawiri, ndipo akalipira makwacha m'malo mwa metikali timamudyeranso pa kusintha. Phindu lake ndi la tsiku limodzi. Munthuyo akazindikira, amakauza basi yonse. Lembani mitengo pa kabolodi ndi choko, mu metikali ndi mu kwacha, aliyense aone.

Ena amati mlendo sangathe kudya ndi manja. Mwamufunsa? Bambo wa ku Beira uja anakulira xima, dzina lokha ndilo losiyana. Mmalawi, Mzambia, Mzimbabwe, onse ndi ana a chimanga. Ngakhale mzungu wa chikwama kumsana amene wabwera kudzaona phiri sanayende ulendo wonsewo kuti adzadye tchipisi chimene anachisiya kwawo. Mpatseni supuni ngati akufuna, koma musamusankhire njala.

Tsiku lija galimoto ya ku Beira itaoloka, ndinamuitana mphwanga. Ndinati, "Iwe, dzulo unadya kuti?" Analoza baraka ya mayi wina wa kwathu. Ndinati, "Unadwala?" Anati, "Iyayi, malume." Ndinati, "Nanga anthu aja unawanamiziranji?" Anayang'ana pansi nati, "Ndimaopa kuti akandiseka, malume. Anthu ake ndi a ndalama."

Ndinamutenga n'kupita naye ku baraka komweko. Ndinaitanitsa mbale ziwiri za mbuzi ndi nkhwani, ndipo ndinamuuza kuti alipire ndi iye. Mayi uja atamva nkhani yonse sanakwiye. Anangomuthirira madzi m'manja, namuuza kuti mlendo aliyense amene adzamubweretse, iye adzamuwonjezera nthuli imodzi. Sabata yatha ndinadutsanso pachipata ndipo ndinamuona mphwanga akutsogolera anthu anayi otsika basi ya ku Harare, mmodzi mwa iwo atanyamula mwana kumsana, akulowera kuseri kwa malole kumene kumafuka utsi.