Tikadwala, alipire ndani? Funso loti mupite nalo ku cisankho

Abale ndi alongo a ku Kalomwe ndi Angónia yense,

Pa cipatala ca boma mumapereka metical imodzi kuti akuoneni, ndi meticais 5 kuti mulandire mankhwala olembedwa pa pepala. Mtengo umenewu palibe angaudandaule. Nanga n'cifukwa ciani matenda akalowa m'nyumba mbuzi zimatha m'khola, cimanga n'kugulitsidwa mvula isanagwe?

Yankho mukulidziwa. Pa zenera la mankhwala akakuuzani kuti atha, mumakagula ku farmácia ya munthu pa mtengo wa mwini wake. Matenda akakula mumalipira njinga yamoto kapena shapa kupita ku Ulónguè. Akakutumizani ku cipatala cacikulu ca ku Tete, ulendo wake ndi wa makilomita oposa 200, ndipo wodikirira wodwala naye afunika kudya, munda uli wosapalira. Ambiri timangodutsa malire kupita ku Dedza. Tiwathokoze anansi athu, koma kumeneko ndife alendo: mankhwala awo anawerengera anthu awo, ndipo phungu wa ku Malawi sitingamufunse kanthu. Woyenera kutiyankha ndi amene timamuvotera kuno.

Cithandizo ca kucipatala si mphatso ya cipani ciliconse. Pa 24 Julaye 1975 boma la Samora Machel linatenga zipatala zonse kuti zikhale za anthu onse. Lamulo lalikulu la dziko la 2004, pa ndime 89, likuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira cithandizo ca mankhwala, ndipo ndime 116 ikupatsa boma udindo wokonza zaumoyo zothandiza anthu onse a Mozambique. Lonjezo lilipo. Cimene cikusowa ndi ndalama zokhazikika zolikwaniritsira.

Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a maiko a mu Africa anagwirizana kuti pa ndalama 100 zilizonse za boma, 15 zizipita ku zaumoyo. Kwa zaka zambiri dziko lathu lakhala pansi pa mlingo umenewo, ndipo mpata wotsalawo akhala akutseka ndi maiko akunja. Kawiri konse taona kuopsa kodalira thumba la mnzako. Mu 2016, zitaululika ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, maiko othandiza anaimitsa ndalama zimene ankaika m'thumba la boma. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo bungwe la USAID linatsekedwa caka comweco, pamene nchito yambiri yolimbana ndi Edzi kuno inkayendera ndalama za ku America. Madokotala athu ananyanyala nchito mu 2013, mu 2022 ndi mu 2023, ndipo pamwamba pa malipiro, ogwira nchito m'zipatala akhala akudandaula za kusowa kwa zipangizo ndi mankhwala.

Tsono pali njira imene acipwitikizi amati seguro de saúde, anzathu a ku Malawi amati inshuwalansi ya zaumoyo. Si cinthu cacilendo kwa inu. Maliro akagwa m'mudzi, aliyense amabwera ndi kambale ka ufa, cifukwa mawa ali kwa iye. Seguro ndi cimodzimodzi: anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono ali bwino, ndipo amene wadwala amathandizidwa ndi thumba la onse.

Koma taonani amene ali ndi thumba lotere lero. Wogwira nchito m'boma amadulidwa 1.5 pa 100 ya malipiro ake kuti azithandizidwa kucipatala. Wolembedwa nchito pa kampani amasonkha ku INSS, iye 3 pa 100, bwana wake 4 pa 100, koma ndalamazo ndi za penshoni, za maliro ndi zomuthandiza pamene walephera kugwira nchito, sizimugulira mankhwala. Makampani akuluakulu amalipirira anchito awo seguro ya makampani a malonda. Nanga mlimi wa mbatatesi, nyemba, soya ndi fodya, amene akudyetsa Tete yense? Seguro yake ndi mbuzi ija.

Makampani a malonda sadzabwera kudzatseka mpata umenewu. Iwo amafuna phindu, ndiye amasankha munthu wa malipiro a pamwezi, wa m'tauni, wosadwaladwala. Gogo wa matenda a shuga kapena mai wamasiye wa ana asanu sangamulembe. Boma lokha ndi limene lingaike wolemera ndi wosauka, wa ku Maputo ndi wa ku Kalomwe, m'thumba limodzi, cifukwa ndi lokhalo limene limatolera msonkho ndi kupanga malamulo.

Maiko ena a mu Africa anayamba kale. Ku Rwanda anayesa mu 1999 m'maboma ocepa, kenako anafalitsa dziko lonse. Banja limasonkha kamodzi pa caka, osaukitsitsa boma limawalipirira, ndipo anthu oposa 80 pa 100 alionse ali ndi seguro. Ku Ghana lamulo la 2003 linaika msonkho wa 2.5 pa 100 pa malonda kuti uzilowa m'thumba la zaumoyo. Ku Zambia, pafupi pomwepa, lamulo la 2018 linakhazikitsa bungwe la NHIMA, kumene wanchito amasonkha 1 pa 100, womulemba nchito 1 pa 100. Sikuti kumeneko zonse zikuyenda bwino. Ku Ghana ndi ku Zambia thumba lakhala likucedwa kulipira zipatala, ndipo khadi m'manja siciritsa ngati pa zenera palibe mankhwala.

Ena a inu munena kuti: umenewu ndi msonkho wina, ndipo ndalamazo adzadya. Mantha amenewa ndi omveka kwa anthu amene anaona ngongole zobisika. Koma kumbukirani kuti mukulipira kale, ndipo mukulipira pa tsiku loipitsitsa, wodwala ali pamphasa, ogula mbuzi akudziwa kuti simungakane mtengo. Cofunika ndi kuika malire kuti thumbalo likhale lathu. Ife tikuti lamulo lililonse la seguro ya dziko lonse likhale ndi zinthu zinai izi.

Coyamba, mlimi azisonkha nthawi yokolola, kamodzi pa caka, molingana ndi mphamvu zake.

Caciwiri, okalamba, olumala, ana amasiye ndi onse olandira thandizo ku INAS boma liziwalipirira, ndipo zimene zili zaulere lero, monga kubereka, katemera, mankhwala a malungo, a cifuwa cacikulu ndi ma ARV, zikhalebe zaulere.

Cacitatu, gawo lalikulu la ndalama licokere ku cuma ca dziko. Malasha a ku Moatize akhala akutumizidwa kunja kuyambira 2011, damu la Cahora Bassa linabwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007, ndipo gasi wa ku Cabo Delgado anayamba kugulitsidwa mu 2022. Lamulo lichule poyera gawo lake lopita ku zaumoyo.

Cacinai, pa khoma la cipatala ciliconse pazimatidwa ndalama ndi mankhwala amene afika mwezi umenewo, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi izitsimikizira, ndipo mayendedwe a wodwala wotumizidwa ku cipatala cacikulu azilipiridwa ndi thumbalo.

Amene amavomereza lamulo ndi ndondomeko ya ndalama za boma caka ndi caka ndi aphungu 250 a Assembleia da República, ndipo ena mwa iwo amalowa ndi mavoti a cigawo ca Tete. Cisankho capita cinali pa 9 Okutobala 2024. Cina cikuyembekezeka mu 2029. Musadikire nthawi ya misonkhano ya ndale. Yambani lero kukamba nkhaniyi kwa amfumu, kuchalichi, ku kalabu ya alimi ndi ku khonsolo ya dera lanu. Wofuna voti akafika ndi nsalu ndi masikipa, mufunseni: cipani canu cidzapereka zingati pa 100 ku zaumoyo? Mlimi wopanda malipiro a pamwezi mudzamuteteza bwanji? Ndalamazo zidzacokera kuti, ndipo adzaziwerenga ndani? Lembani mayankho ake, mudzamukumbutse.

Kapepala kano sikakuuzani cipani coti muvotere. Voti ndi yanu ndipo ndi yacinsinsi. Kalembera akayamba, kalembetseni, sungani khadi lanu bwino, ndipo mudzavotere amene wakuyankhani momveka.