Dzina la pa thanki lisakupusitseni

Mwezi wathawu amalume anandiimbira foni kuchokera kwathu ku Kasina. Njinga yawo yamoto, Honda CG125 yomwe ndinaipeza pobadwa, inali itayamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo, ndipo pokwera mitunda ya ku Dedza inkachita kupuma wefuwefu. Makaniko anati pakufunika pisitoni ndi maringi atsopano. "Mphwanga, poti uli ku Lilongweko, tatifunira," anatero amalume.

Njingayi si yongosungira chikumbutso ayi. Ndi imene imanyamula kachewere ndi tomato kupita kumsika, ndiyonso imathamangira ndi agogo kuchipatala usiku BP ikakwera. Ikagona, khomo lonse lagona.

Ine ndi sukulu yangayi ndinaona ngati kankhani kakang'ono. Ndinalemba "CG125" pa WhatsApp, wogulitsa ananditumizira chithunzi, ndinalipira, Loweruka n'kukwera minibasi. Makaniko atatsegula kabokosiko anangopukusa mutu. Pisitoni ndinagulayo inali yolowa pini ya mamilimita 13, pomwe injini ya amalume imafuna ya 15. Kusiyana kwa mamilimita awiri okha, koma ndalama ndi ulendo wonse zinalowa m'madzi. Wolakwa sanali wogulitsa. Anandipatsa zomwe ndinapempha.

Tsiku limenelo ndinakhala pa benchi ya makaniko uja n'kuphunzira zomwe Facebook sinandiuze. Dzina likhoza kukhala limodzi, koma injini imasintha ndi zaka.

CG125 inatuluka pakati pa zaka za m'ma 1970. A Honda anaipangira mayiko ngati kwathu kuno, komwe njinga imasenza katundu wolemera ndipo oyilo sasinthidwa pa nthawi yake. N'chifukwa chake mavalavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo totchedwa pushrod, osati tcheni cha m'kati mwa injini ngati cha XL125. Njinga ziwirizi n'zofanana mphamvu ya 125cc, koma mutu wa injini ya inayo sungakhale pa inzake.

Kuchokera nthawi imeneyo CG125 yapangidwa ku Japan, ku Brazil, ku Pakistan ndi kwina, ndipo zinthu zakhala zikusintha pang'onopang'ono. Zoyambirira zinali za magetsi a mavoti 6, zam'mbuyo muno n'za 12. Zakale zimayatsa moto wa pulagi ndi mapointi, zatsopano zili ndi kabokosi ka CDI. Sitata ya batani inabwera mochedwa, poyamba kunali kuponda kiki basi. Choncho babu, koyilo kapena batire ya njinga yatsopano ikhoza kukwana pamalo pake bwinobwino koma osagwira ntchito pa yakale. Mukaika babu ya mavoti 12 pa njinga ya 6, mudzayenda usiku ngati mwanyamula koloboyi.

Nkhani yabwino ndi yoti injini zambiri za ku China zomwe zili pa njinga za kabaza anazitengera pa CG yomweyi. N'chifukwa chake masipeya ena otsika mtengo amakwana pa Honda yakale. Koma werengani nambala yomwe inadindidwa m'munsi mwa injini. Ikayamba ndi 156FMI, silinda ndi imodzi ndipo bowo lake ndi la mamilimita pafupifupi 56, ngati la CG125. Ikayamba ndi 162FMJ, imeneyo ndi ya 150cc, pisitoni yake n'njotakata mamilimita 62. Kunja zimaoneka ngati mapasa.

Palinso china. Njinga yakale imakhala kuti inadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri. Silinda ikaperepeseka amaikulitsa bowo, kenako n'kuika pisitoni yokulirapo. Pamwamba pa pisitoni yotero pamalembedwa 0.25, 0.50, 0.75 kapena 1.00. Titapala mwaye pa ya amalume tinapeza 0.50. Ndiye kuti ngakhale pini ikanakwana, pisitoni yangayo ikanangogwedera.

Anzanga, ambirife ndife amene makolo amatituma chifukwa tili ndi foni ndi bandulo. Musanatumize ndalama, jambulani nambala ya injini ndi ya fulemu. Funsani makaniko ayeze chitsulocho, akuuzeni mamilimita. Gwirizanani ndi wogulitsa kuti chikapanda kukwana mudzabweza. Koposa zonse, nyamulani chakufacho mukachifanizire ndi chatsopano pa kauntala pomwepo. Paja safunsa anadya phula.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi pisitoni yakale m'jumbo, ili bii ndi oyilo, n'kuimika pafupi ndi yatsopano mpaka mtima unakhala pansi. Silinda anaipalanso pang'ono, tinaika ya 0.75. Lachitatu lapitali amalume anaimbanso, koma sanalankhule kanthu. Anangoika foni pafupi ndi ekizozi kuti ndimve ndekha.

Pisitoni yolakwika ija ikadali pa tebulo langa. Ngati injini yanu ndi ya pini ya 13, tiuzane.