Kuwerenga Mitu Sikuyeza Ubwino

Ndikupempha malo pang'ono m'magazini athu kuti ndinenepo za mwambo umene ukundivuta mtima. Loweruka lililonse madzulo timasonkhana m'holo kuonera wailesi ya kanema, ndipo mkulu wa ophunzira amatiuza kuti tikweze manja posankha chimene tionere. Masiku onse mpira ndiwo upambana. Ife amene tifuna kuona za nyenyezi ndi za nyama tilipo asanu ndi awiri okha, kotero sitinapambanepo ndi kamodzi komwe.

Mwambo wotere ulinso ku America, kumene kampani ya Nielsen imawerenga anthu oonera. M'zaka za m'ma 1960 inali kuika timakina m'nyumba zoposa 1,000 pang'ono, ndipo nyumba zimenezo zinali kuimira dziko lonse. Sewero likakhala ndi oonera ochepa, otsatsa malonda salipira ndalama zambiri, tsono eni wailesi amalichotsa.

Izi ndizo zinagwera sewero la Star Trek la Gene Roddenberry, lonena za anthu a mitundu yosiyanasiyana oyenda pamodzi m'chombo pakati pa nyenyezi. Linayamba pa wailesi ya NBC m'chaka cha 1966. Pamene inamveka mbiri yakuti lidzathetsedwa, olikonda analemba makalata ochuluka, ndipo mu 1968 linapatsidwa chaka china. Koma analiika Lachisanu pa 10 koloko usiku, nthawi imene achinyamata ambiri sanali pa nyumba, nachepetsanso ndalama zolikonzera. Linatha mu June 1969 litafika magawo 79. Mwezi wotsatira womwewo, Neil Armstrong anaponda pa mwezi.

Kodi chiwerengero chija chinanena zoona? Mawailesi ang'onoang'ono atayamba kubwereza magawo akale, anthu analikonda koposa kale, kufikira mu 1979 anapanga kanema wamkulu wa Star Trek. Koma chondikhudza ine ndi ichi. M'seweromo munali mayi wakuda, Nichelle Nichols, amene anali Uhura, dzina lochokera ku mawu a Chiswahili otanthauza ufulu. Kamtsikana kena kotchedwa Mae Jemison kanali kumuonera, ndipo mu 1992 Jemison anakhala mkazi wakuda woyamba kupita m'mlengalenga. Iye mwini ananena kuti Uhura anamulimbitsa mtima. Kamakina ka Nielsen kakanawerenga nyumba ya kwawo ngati imodzi chabe.

Sindinena kuti eni wailesi ndi anthu oipa, iyayi. Iwo ayenera kulipira antchito, ndipo wamalonda sangagulitse chimene anthu sachigula. Koma chiwerengero chimangotiuza kuti oonera ndi angati; sichitiuza chimene chatsala m'mitima yawo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wothamangira malonda kudekhako alibe.

Nanga ife tikuthamangira chiyani? M'holo mwathu mulibe wotsatsa malonda amene ati ataye ndalama zake. Chifukwa chake ndipempha mkulu wa ophunzira ndi aphunzitsi athu oyang'anira zachisangalalo kuti Loweruka limodzi pa mwezi lipatsidwe kwa ochepafe. Masiku atatu otsalawo tidzakuwa nanu pa mpira monga mwa masiku onse. Tsiku lathulo likafika bwerani mudzakhale nafe, kapena mudzaona kuti sitili asanu ndi awiri okha.

Wophunzira wa Fomu 3