Matenda sasintha munthu: ndikuikira kumbuyo Funny People

Sabata yatha tinakangana mu staff room mpaka tiyi anazizira m'makapu. Nkhani yake inali filimu ya Funny People ya 2009, imene analemba ndi kutsogolera Judd Apatow. Mnzanga wina, amene amaphunzitsa Chingerezi, anati filimuyo ndi yabwino koma inayenera kuthera pamene wodwala wachira. Wina anati ndi zolaula zokhazokha, sangaionerenso. Belu linandidula mawu pakamwa, ndiye ndiyankhira pano.

Kwa amene simunaionere, nkhani yake ndi iyi. George Simmons (Adam Sandler) ndi katswiri wa nthabwala wa ku Los Angeles amene analemera ndi mafilimu achibwana. M'filimu ina mutu wake uli pa thupi la khanda. Dokotala akumuuza kuti ali ndi khansa ya m'magazi, ndipo mankhwala oyesera amene akumupatsa amachiritsa anthu 8 okha pa 100 alionse. George akubwerera ku timalo tating'ono kumene anayambira, kumene munthu amaima yekha ndi maikolofoni n'kumaseketsa anthu. Kumeneko akukumana ndi Ira Wright (Seth Rogen), mnyamata wogulitsa zakudya m'sitolo amene akuyesera nthabwala madzulo. George akumulemba ntchito yomulembera nthabwala ndi kumutumikira.

Choyamba chimene ndimaikondera filimuyi n'chakuti imaonetsa kuti nthabwala ndi ntchito. Ira amalemba, amafufuta, amakaima pamaso pa anthu, anthuwo n'kungomuyang'ana duu. Mawa lake amayambiranso. Aliyense amene anaimapo pamaso pa Fomu 2 masana a mwezi wa Okutobala akudziwa ululu wa chete ameneyo. Imaonetsanso kaduka ka pakati pa abwenzi. George anapempha kuti Ira abwere ndi mnzake Leo (Jonah Hill) kuti azilemba limodzi, koma Ira anabisa uthengawo kuti mwayi ukhale wake yekha. Ira ndi mnyamata wabwino, koma anachitabe zimenezo. Wolemba wamantha akanachotsa kachigawo kameneka.

Tsopano kwa mnzanga wa Chingerezi. Inu aphunzitsi, mukufuna filimu ithere pamene George wauzidwa kuti matenda atha, chifukwa ife aphunzitsi tinazolowera nkhani zokhala ndi phunziro kumapeto. Munthu wodzikonda adwale, alire, alape, atuluke m'chipatala ali mngelo, ana alembe phunzirolo m'kope. Apatow anakana bodza limeneli, ndipo ndikumuyamikira. George atachira akupita kwa Laura (Leslie Mann), chibwenzi chake chakale chimene anachitaya chifukwa cha chimasomaso. Laura ali pabanja ndi Clarke (Eric Bana), bambo wa ku Australia, ndipo ali ndi ana awiri. George akufuna kupasula banjali. Ndiye pali malo ena pamene Laura akumuonetsa kanema wa mwana wake akuyimba pa sewero, Ira misozi ili chuchuchu, koma George maso ali pa foni. Mphindi imeneyo ndiyo mtima wa filimu yonse. Munthu uyu wapulumuka imfa, koma mwana wa mkazi amene akuti amamukonda sangamupatse ngakhale mphindi ziwiri. Mukadula chigawo chachiwiri, mwadula pamenepa.

Ndiuzeni zoona, simunaonepo zoterezi? Munthu agonekedwa m'chipatala, alonjeza kusiya mowa ndi kubwerera kwa mkazi wake, Khirisimasi isanafike ali pa malo ake akale. Mantha amatha msanga kuposa khalidwe. Kumapeto George akupita kusitolo kumene Ira wabwerera atachotsedwa ntchito, akuvomereza kuti anali mnzake woipa, n'kumupatsa nthabwala zimene wamulembera. Kusintha kwake n'kumeneko basi. N'kochepa, koma ndimakukhulupirira kuposa misozi ya mafilimu ena khumi.

Aphunzitsife filimuyi yatitosanso m'maso. Mnzake wina wa Ira, Mark (Jason Schwartzman), amasewera pa pulogalamu ya pa TV yopeka yotchedwa Yo Teach, ya mphunzitsi wodziyesa mnyamata amene amakonza moyo wa mwana wovuta ndi mawu okoma awiri atatu. Ndinaseka mpaka kutsokomola, kenako ndinachita manyazi, chifukwa nanenso ndinkaganiza choncho nditangotuluka ku koleji.

Koma musaganize kuti ndikuipaka mafuta. Mnzanga wa zolaula uja ali ndi mfundo, ngakhale waigwira kumchira. Vuto si lakuti anyamatawa amatukwana, chifukwa m'malo amenewo amayankhuladi choncho. Vuto n'lakuti nthabwala za kumaliseche zimabwerezedwa mpaka kutopetsa, ndipo filimu yokamba za akatswiri a nthabwala siyenera kukhala ndi nthabwala zaulesi. Nthawi zina sudziwa ngati Apatow akufuna tione kuti George watha nzeru, kapena akuganiza kuti zimenezo n'zoseketsadi.

Chachiwiri, mphindi 146 n'zambiri. Komatu chofunika kudula si chigawo cha Laura. Ndi chigulu cha anthu otchuka amene amangotulukira n'kuzimiririka, a Ray Romano, a Sarah Silverman, a James Taylor ndi ena. Apatow ndi Sandler ankakhala nyumba imodzi ali anyamata, ndipo filimu imayamba ndi kanema weniweni amene Apatow anajambula Sandler akupusitsa anthu pa telefoni. Leslie Mann ndi mkazi wa Apatow, ana awiri aja, Maude ndi Iris, ndi ana ake. Munthu sangagwire lumo molimba pamene aliyense m'chithunzi ndi mbale wake kapena mnzake. Zili ngati kuchonga mayeso a mwana wako.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chimandiwawa, ndi akazi. Daisy (Aubrey Plaza) nayenso ndi wanthabwala, koma filimu imasamala kwambiri za amene agone naye kusiyana ndi luso lake. Laura anasiya ntchito ya zisudzo, koma nkhani yake imangotumikira kuti George adziwe zimene anataya. Atsikana anga akale a m'kalabu ya zisudzo, amene munkaseketsa holo yonse kuposa anyamata, mukaionera mudzaona nokha mpando umene akusiyirani.

Choncho kwa inu amene ndinakuphunzitsani, makamaka amene mumandiuza kuti mukufuna kutsata mapazi a Daliso Chaponda, amene anafika pa nambala 3 pa Britain's Got Talent mu 2017, ionereni filimuyi. Si ya ana, musaionere pabalaza agogo ali pompo. Muone mmene Ira amalembera, ndiponso muone George ali yekha m'chinyumba chake, kulipira mnyamata kuti azimuyankhula mpaka agone. Ndipo inu aphunzitsi a Chingerezi, Lolemba mubwere ndi yankho, tiyi ndigula ndine.